Kutembenuza Apongozi

Ine Stafford ndinaleredwa bwino, ndipo sindikunena modzitama. Funsani aliyense m'mudzi muno kwa Kanduku kumene ndinadzakwatira. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pachikamwini, koma apongozi anga, a Malita, ndinali ndisanawayang'anepo pamaso ngakhale tsiku limodzi. Iwo akamachokera kudimba ine ndikuchokera kuntchito, ndinkatsika njinga n'kupatukira kutchire mpaka adutse. Tsiku lina ndinapatukira pachitedze. Ndinadzikanda masiku atatu, koma sindinadandaule. Anyamata a masiku ano amene amakhala pabenchi imodzi ndi apongozi awo n'kumaonera limodzi mpira pafoni, amenewo musandiuze nkomwe, amandinyansa.

Ntchito yanga ndi yopakira ndi kutsitsa katundu pamalire a Mwanza. Simenti, feteleza, mpunga, chilichonse chimene thiraki yabwera nacho. Thumba la makilogalamu fifite ndimaliponya paphewa ndikuyankhula ndi mnzanga. Ndanena izi kuti mudziwiretu kuti vuto langa silinali la mphamvu.

Mwezi wa Epulo apongozi anagwa kuseri kwa khola la mbuzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Inawapha mbali yonse yakumanzere, mkono ndi mwendo womwe, koma pakamwa inasiya pali bwinobwino. Ndikuganiza kuti nayonso inaopa. Atagona masabata awiri m'wodi anawatulutsa, ndipo mkazi wanga Esinati anayamba kuwasamalira m'nyumba mwawo momwemo, imene ili mapazi ochepa kuchokera pakhomo pathu. Kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwasintha zovala, zonsezo zinali za Esinati. Ine zanga zinali zapanja: nkhuni, madzi, sopo, ndi kufunsa ndili kuseri kwa khoma kuti odwala adzuka bwanji. Aliyense anali ndi dera lake ndipo zinthu zinkayenda.

Kenako inafika nyengo ya manachesi, ndipo Esinati anakwera mumtengo. Mzimayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, mwana wake wamkulu ali ndi ndevu, kukwera mumtengo! Ndinanena, koma pakhomo pano amandimvera ndani? Nthambi inathyoka, mkono wakumanja unathyokanso, ndipo anabwerako kuchipatala atamumanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono.

Patapita masiku angapo kunabwera a Liness azaumoyo pa njinga yawo. Anakhalitsa m'nyumba mwa apongozi, ine ndili pakhonde ndikunola khasu limene linali lakuthwa kale. Atatuluka anandiitana.

"A Stafford, agogo ayamba chilonda chogonera. Chimabwera munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Chili apa, cha pa..."

Ndinaponya khasu pansi n'kutseka makutu ndi manja onse awiri.

"Pepani a Liness, zimenezo ndi za azimayi. Mkamwini samva za thupi la apongozi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu n'kundiuza ndi dzanja kuti nditsegule makutu.

"Chabwino, zimenezo musamve. Koma imvani izi. Azitembenuzidwa pa maola awiri aliwonse. Maola awiri chagada, maola awiri chammbali kuyang'ana kuzenera. Mbali inayo asagonere ayi. Chilonda chimenechi chikapitiriza kukumba, ndiwalembera kalata abwerere kuwodi."

Makutu a apongozi sitiroko sinawakhudze. Mawu anatuluka pazenera.

"Kuwodi ine ayi! Malemu amuna anga analowa muja akuyenda okha, anatuluka atawanyamula. Ndikafa ndifere muno, ndikumva mbuzi zanga."

Ndinkayembekeza kuti apitiriza kukalipa monga mwa masiku onse, koma ndinawamva akulira chapansipansi. Chikwatirireni pakhomo pano ndinali ndisanawamvepo akulira, ngakhale pamaliro. Zinandikhudza kwambiri.

A Liness atapita, funso linali lakuti wotembenuza akhala ndani. Apongozi anga si munthu wamng'ono. Ndi mayi amene Mulungu anawapatsa thupi mosaumira. Azimayi a m'mudzi nyengo imeneyi amakhala kumsewu ndi malichero a manachesi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. A Jane, oyandikana nafe, ankabwera kudzathandiza kuwasambitsa, koma nawonso msana wawo ndi wa mapiritsi. Mwana wathu Trust ali ku Tete. Esinati anawerenga anthu onsewa ndi zala za dzanja lake labwino, zala zinatha, kenako anandiyang'ana.

"Bambo a Trust, mwatsala ndinu."

"Ine? Mwayamba misala?"

"Simenti mumanyamula."

"Simenti sinandibalire mkazi."

"Ndiye amayi apite kuwodi?"

Ndinazungulira nyumba kawiri, ndinakayang'ana mbuzi, ndinabwerako. Ndinavomera, koma ndinaika malamulo atatu. Loyamba, andimange kumaso ndi mpango. Lachiwiri, apongozi afundidwe bulangete kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Lachitatu, ndizilowa chafutambuyo.

"Mukamanga kumaso, kulowa chafutambuyo n'kwachiyaninso?" anafunsa Esinati.

"Maso akhoza kumangidwa koma nkhope imakhala ikuloza anthu."

Esinati anafuna kundifotokozera pogwira ndi posagwira, koma atangoyamba kutchula ziwalo ndinatsekanso makutu. Ndinamuuza kuti katundu ndimamudziwa, asandiphunzitse ntchito.

Ulendo woyamba unali wa masana omwewo. Esinati anaima pakhomo n'kumanditsogolera mmene timachitira ndi thiraki ikamabwerera m'mbuyo.

"Bwerani, bwerani, bwerani. Khotani pang'ono. Osati uko! Bwerani. Basi, imani!"

Ndinaima, koma chidendene chinali chitagunda kale ndowa, ndipo madzi anayenderera mpaka pakhomo. Ndinatembenuka, ndinagwada m'matope momwemo, ndinaomba m'manja.

"Amake Trust, auzeni amayi kuti ndikupepesa pa zimene manja angawa achite."

"Iwe Esinati," anatero apongozi, "uwauze a mkamwini achite changu. Msana wanga wapsa."

Ndinatambasula manja. Ndinapeza chinthu chachikulu, chofunda nsalu, ndipo ndinachinyamula mwaulemu wonse umene makolo anga anandiphunzitsa. Chinali chopepuka moti mtima unandisweka. Ndipo mkati mwake munkachita phokoso, wayawaya. Misozi inalengeza kuseri kwa mpango.

"Amake Trust," ndinanong'ona, "amayi atha chonchi? Atsala mafupa okhaokha!"

Ndinangomva Esinati akutsamwa, kenako anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Ndinali nditafungatira thumba la mtedza limene linali kumapazi kwa bedi.

"Uwauze," anatero apongozi, "poti anyamula kale, akauyanike padzuwa. Wayamba chinyezi."

Ndinakauyanika, ndinabweranso chafutambuyo, ndipo ulendo uno ndinapeza apongozi enieni. Dzanja lina ndinagwira paphewa. Linalo ndinafufuza cham'munsi pamwamba pa bulangete mpaka nditapeza malo ogwirika bwino, ndinakanikiza zala kuti katundu asapulumuke, ndinakoka. Esinati anali kumutu akuchirikiza khosi ndi dzanja limodzi. Apongozi anagubuduka bwinobwino kuloza kuzenera, ndipo nthawi yomweyo anayamba kuimba cham'mphuno, mmmm, mmmm, mokweza ndithu. Ndinati mumtima, aa, mayi akondwa.

Komabe madzulo a tsiku limenelo chakudya chinandikanika. Manja amene agwira apongozi ndidyere? Ndinakhala pakhonde kuganiza, ndipo nzeru inabwera. Anthu amandipeputsa chifukwa sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma mutu uwu umagwira ntchito. Kutacha ndinapita kumalire kukabwereka chingwe chomangira tenti ya thiraki kwa dalaivala wina. Ndinatenga rimu ya njinga yakale n'kuipachika pamtanda wa denga. Chingwe chinadutsa parimu n'kutulukira pazenera, ndipo nsonga inayo tinamangira kushiti imene Esinati ndi a Jane anayala kunsi kwa odwala. Ine ndiziima panja, ndizikoka, apongozi azitembenuka, palibe kugwirana. Ndinayeserera katatu ndi thumba la chimanga m'nyumba mwathu ndipo thumba silinadandaule.

Nthawi itakwana ndinaima kuseri kwa zenera, nkhope nditalozetsa kuphiri.

"Ndikoke?"

"Kokani pang'onopang'ono," anatero Esinati.

Pang'onopang'ono wa munthu wozolowera tenti ya thiraki ndi wina. Ndinakoka kamodzi, chingwe chinabwera mikono iwiri, ndipo m'nyumba munamveka mfuu.

"Esinati! Ndikupita kumwamba ndili moyo!"

Apongozi sanatembenuke ayi. Ananyamuka athunthu. Esinati anali atamanga ngodya zonse zinayi za shiti m'malo mwa ziwiri, ndipo mpaka lero timakanganabe kuti wolakwa anali ndani. Iwo anali lendelende pakati pa bedi ndi denga, akuzungulira pang'onopang'ono.

"Bambo a Trust, tsitsani!"

"Ndikasiya agwa!"

"Ndiye suzumirani muone mmene mukutsitsira!"

"Ndisuzumire apongozi?"

Nthawi yomweyo a Jane anatulukira ndi lichero pamutu. Anaima, anayang'ana ine, anayang'ana chingwe chikulowa pazenera, anafunsa ngati m'nyumbamo mwagwera ng'ombe. Ndiwo amene anakhala maso anga mpaka apongozi anatera pamatiresi. Atapuma, chigamulo chinatuluka.

"Iwe Esinati, uwauze a mkamwini chingwe chimenecho akamangire mbuzi. Akandikwezanso, nyumba yawo akamange kwawo."

Tinabwerera ku manja. Ndipo kunena zoona ndinasanduka katswiri. Kumalire ndinasiya kaye kupita. Ndinatchera alamu pafoni. Ikalira, mpango kumaso, mapazi asanu ndi awiri chafutambuyo, kutembenuka, kugwada, kupepesa, kugwira, kukoka. Sipankatha ndi mphindi imodzi yomwe. Ndowa sindinaigundenso.

Monga munthu woganiza, ndinazindikiranso chinthu china. Ndikawabwezera chagada apongozi ankangokhala chete. Koma ndikawakokera kuzenera, nyimbo ija inkayamba, mmmm, mmmm. Nthawi zonse. Ndinati, basi, mayi amakonda zenera, amafuna aziona mbuzi zawo. Choncho ulendo wa kuzenera ndinkauchita ndi mtima wonse, kugwira mwamphamvu ndi kukoka mwachangu kuti afike msanga kumene amakonda. Ndinasadzanso nthambi ya mango imene inkatchinga khola. Pagolosale ndinauza anzanga kuti ine apongozi ndimawatembenuza mpaka kuimba, ndipo sindinawaonepo ngakhale chikhadabo.

Lolemba lotsatira a Liness anabweranso. Anakhalitsa m'nyumba kuposa poyamba. Atatuluka nkhope inali itagwa.

"Chilonda chakula, ndipo chikutuluka magazi. Kodi mukuwatembenuza?"

"Funsani alamu," ndinatero, nditakwiya ndithu. "Sindinaphonyepo."

"Ndiye sindikumvetsa. Esinati akutsuka bwino, bandeji akusintha, matiresi ndi ouma." "Ndibweranso Loweruka. Ndikachipeza chonchi, ndilemba kalata. Sindingachitire mwina."

Ndinatchera khutu kuzenera kudikira kuti apongozi akalipe. Kunali zii. Chete ameneyo anandiopsa kuposa mfuu ya pa chingwe ija. Madzulo anakana phala, ndipo anauza Esinati kuti mbuzi yaikazi yamawanga ija adzapatse Trust. Munthu akayamba kugawa mbuzi, inu mukudziwa kumene maganizo ake ali.

Tsiku lotsatira linali loti Esinati akajambulitse mkono kuboma. A Jane analonjeza kuti akhala ndi odwala, koma m'bandakucha kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo kwa Nthache, ndipo ananyamuka. Esinati anafuna kulephera ulendo. Apongozi anakana.

"Pita. Mkono umenewo ukapola mokhota adzandisambitsa ndani?"

Ine kutembenuza sikunkandidetsa nkhawa, mapazi ndinali nditawaloweza. Vuto linali lakuti mawu adzera mwa ndani. Ndinafunsa Esinati ali pakhomo ndi chikwama. Kunsi kwa tebulo m'chipinda cha apongozi kunali thadzi likukhalira mazira m'dengu, ndipo Esinati analiloza ndi chikhakha.

"Muziyankhulana kudzera mwa thadzilo."

Iye ankanena moseka. Ife tinazitenga zenizeni.

Nthawi ya teni koloko alamu inalira. Ndinalowa chafutambuyo, ndinagwada.

"Thadzi iwe, uwauze amayi kuti nthawi yogona chagada yakwana."

"Thadzi iwe, uwauze kuti ndamva, sindine gonthi."

"Thadzi iwe, uwafunse ngati akufuna madzi."

"Uwauze kuti madzi amene anandipatsa m'mawa anathira m'khutu."

Zinayenda bwino, ndipo ndinatuluka ndikudzitamandira. Koma alamu ya thwelofu koloko italira, ndinapeza thadzi lija lili pabwalo likusamba fumbi. Ndinalithamangitsa kuzungulira nkhokwe kawiri, linandizemba n'kulowa m'chimanga. Nthawi inkapita. Ndinamanga mpango n'kulowa ndekha, wopanda mkhalapakati.

Ndinagwada. Ndinapepesa kwa dengu lopanda nkhuku. Dzanja lina paphewa, lina pamalo anga aja. Bulangete linali litatsetsereka poti panalibe wolikonza, moti zala zinagwera pachitenje. Ndinakanikiza monga mwa nthawi zonse, ndinakoka.

Nyimbo inayamba. Koma tsiku limeneli munalibe Esinati wolongolola kuti bwerani, khotani, gwirani. M'nyumba munali chete, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaimvetsera bwino. Inalibe chuni. Inkakwera ine ndikakanikiza, inkatsika ndikafewetsa. Kenako inaduka, ndipo panatuluka mawu aang'ono kwambiri.

"Mayo ine."

Zala zanga zinali zonyowa, zomata.

Ndinauma pomwepo nditagwada. Ndinene zoona, ndinachita mantha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri si masewera, ndipo ulemu umenewu ndiwo unali chuma changa chokha m'mudzi wa eni. Koma dzanja linali lonyowa, ndipo munthu anali akupuma mwabefu patsogolo panga. Ndinakweza dzanja linalo n'kumasula mpango.

Choyamba kuona chinali magazi pa zala zinayi. Chachiwiri chinali chitenje cha apongozi, cha m'chiuno mbali yakumanja, chili ndi madontho anayi ofiira ondandalikana bwinobwino, malo enieni amene zala zanga zinkakhala. Ndinathawitsa maso msanga, ndipo kothawira kunalibe kwina koma kunkhope. Mayi wachikulire wa imvi, mlomo wam'munsi utatupa ndi kudziluma, misozi ikutsikira m'khutu.

"Amayi," ndinatero. Amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba kuwayankhula mwachindunji. "Chilonda chija chili pamenepa?"

"Chili pomwepo, bambo."

"Masiku onsewa?"

"Nthawi zonse mukamandilozetsa kuzenera."

"Nanga nyimbo ija?"

"Nyimbo yanji? Mumayesa ndili kukwaya?"

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ine amene ndinatseka makutu kawiri konse. Ine amene ndinasadza mango. Ine amene ndinakadzitama pagolosale. Sabata yathunthu ndinkakumba chilonda cha munthu ndi zala zonyamulira simenti, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndikupepesa mwaulemu ndisanayambe.

"Bwanji osanena, amayi?"

"Ndinene kwa ndani? Ndikanauza Esinati kuti amuna ako akundipweteka, akanakukalipirani. Inu ndi manyazi anuwo mukanathawira kumalire osabwerako. Ndiye akananditembenuza ndani? Thadzi?" "Ndinati ndipirire. Munthu wasiya ntchito yake chifukwa cha ine, ndimuchititsenso manyazi?"

Ndinalira. Sindibisa. Bambo wamkulu, ndevu zaimvi, ndinalira mokweza ndili chogwada, mamina ali chuchuchu. Apongozi anandisiya ndilire. Nditayamba kutonthola ndinazindikira kuti akundiyang'anitsitsa, maso ali tong'o.

"Tatembenukirani kuwala pang'ono," anatero.

Ndinatembenuka.

"Haa! Ndiye mphuno ya Trust ija ndi yanu? Zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira abale a malemu amuna anga!"

"Ndi yakwathu, amayi. Tonse tili choncho."

"Esinati anandiuza kuti wapeza mnyamata wokongola. Mwana ameneyu bodza anayamba kale."

Anayamba kuseka, kuseka kukuwapweteka, akusekabe. Inenso ndinaseka misozi ili m'masaya. Thadzi linalowa nthawi yomweyo, linatiyang'ana tonse awiri, n'kukakhala pamazira ake.

Kenako anandiphunzitsa ntchito imene ndinkati ndimaidziwa. Dzanja lina paphewa, inde, koma linalo kuseri kwa bondo, osati m'chiuno. Kupinda mwendo kaye. Kuyamba wawauza kuti tikupita, osangowadzidzimutsa. Pilo kumsana, pilo wina pakati pa mawondo. Zonsezi a Liness anali ataonetsa Esinati tsiku loyamba lomwe, ndipo ndi zomwe Esinatiyo ankafuna kundiuza ine nditatseka makutu. Ndinapinda kansalu koyera n'kuwapatsa, iwo anakanikiza okha pachilonda ndi dzanja lawo labwino mpaka magazi analeka. Ulendo wotsatira wa kuzenera anagubuduka osatulutsa mawu alionse, kupatula kundiuza kuti mango aja ndinasadza moipa.

Esinati anafika cha m'ma folo koloko. Anandipeza nditakhala pampando pafupi ndi bedi, mbale ya phala ili m'manja, tikukangana za shuga. Chikwama chinagwa pansi.

"Bambo a Trust! Mpango uli kuti?"

"Iwe, usafuule," anatero apongozi. "Tikudya."

Esinati atamva nkhani yonse sanaseke. Anayang'ana chitenje chija nthawi yaitali. Anandikalipira ine chifukwa cha makutu anga, anakalipira amayi ake chifukwa chokhala chete, kenako anadzikalipira yekha poti bulangete lija ankayala ndi iye. Sanandiyankhulenso mpaka m'mawa mwake, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Masiku atatu otsatirawo tinagwira ntchito tonse atatu. Ine kutembenuza ndi maso otsegula, Esinati kutsuka ndi kumata bandeji ine nditatuluka, apongozi kulamula. Phala anayambanso kudya, koma za mbuzi yamawanga sanabweze mawu. Tonse tinkawerenga masiku osauzana.

Loweruka a Liness anafika cha m'ma naini. A Jane anali atabwerako kumaliro, ndipo anabwera ndi azimayi ena awiri a Mvano kudzazonda odwala. Atatuwo anakhala pamphasa pafupi ndi khomo. A Liness anavala magolovesi n'kunena kuti pakufunika munthu wowagwira agogo chammbali pamene iwo akuona chilonda.

"Aitaneni bambo a Trust," anatero apongozi.

Ndinalowa choyang'ana kutsogolo, kumaso kulibe kanthu. Mmodzi wa azimayi aja anagwira pakamwa. Winayo anayang'ana kudenga ngati kuli chinthu chachilendo, ndipo kunalidi, poti rimu ija ndinali ndisanaitsitse. Ndinagwada mbali ya kuzenera, ndinawauza apongozi kuti tikupita, ndinawakokera kwa ine. A Liness anali kuseri ndi ntchito yawo. Ine mbali yanga inali nkhope.

Ndinamva bandeji ikumatuka. Apongozi anatsinzina, ndipo ndinaona mtsempha wa pakhosi ukugunda. Sindinkadziwa kuti mayi amene amaopedwa ndi mudzi wonse angachite mantha chonchi. Ndinawauza chapansipansi kuti ndawagwira, sagwa.

"Mwasintha chiyani?" anafunsa a Liness.

"Pogwira," anayankha Esinati mwachidule.

A Liness anaweramiranso pachilondapo.

"Magazi asiya. M'mbali mwayamba kuuma. Chikadali chilonda, musatayirire, koma chikubwerera." Anavula golovesi imodzi. "Agogo, kalata sindilemba. Mukhala konkuno."

Ndinkayembekeza kuti apongozi anena kanthu, poti mawu sawasowa. Koma dzanja lawo labwino linangotuluka m'bulangete n'kundigwira pamkono, cha pamwamba pa chikhatho.

A Liness anamata bandeji yatsopano, anaika mapilo, analongedza chikwama, anatsanzika. Ntchito yanga inali itatha, ndipo mkamwini wolongosoka amayenera kutuluka kuti azimayi acheze. A Jane anatsokomola. Anatsokomolanso kachiwiri. Ndinayesa kudzuka, koma zala zija zinalimbitsa.

Azimayi anayang'anizana. Ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhani ikhala itafika kumsewu, ndipo kumsewu ikafika ndiye kuti yafika pamalire. Bondo linkawawa, mwendo unachita dzanzi mpaka m'chiuno. Sindinasunthe. Ndinagwada pomwepo mpaka dzanja lawo linalefuka lokha, tulo titawatenga m'nyumba mwawo.